Wotchi Imene Inkaima Ili Pa Mkono

Munthu akabwera ndi wotchi yakufa pa tebulo langa, sindithamangira kumuyang'ana nkhope. Anthu amanama, ndipo wotchi amainamizira kuposa ana awo. "Yangoima yokha, Manang Nimfa," amatero, m'kati muli madzi a m'nyanja tho. Nchifukwa chake m'mawa uja, Perla wogulitsa nsomba zouma ataika kanthu kokulunga m'mpango pakati pa zitsulo zanga, sindinadzutse n'komwe mutu.

"Ndi ya amuna anga," anatero. "Ikumagona. Akavala m'mawa, pofika masana yaima. Mwina ndi batire."

Nditamasula mpangowo, ndinaizindikira nthawi yomweyo.

Inali wotchi yachitsulo yachikale, ya mtundu wosalowa batire, galasi lake lokandikakandika, m'mbali yotiwizika pamene inamenyetsedwa pa injini ya boti. Muvi wake wa masekondi unali wofiira. Muvi umenewo ndinauika ndine ndi manja angawa, chifukwa Delfin ankadandaula kuti m'bandakucha panyanja saona ngati wotchi ikuyenda. Delfin ndi mwamuna wanga. Anthu a muno mu Estancia amati anali mwamuna wanga, koma lilime langa linakana kuphunzira zimenezo. Anamira chaka cha namondwe wamkulu uja, wotchi ili pa mkono. Anatero mlamu wanga Wensing, mkulu wake, amene anali naye m'boti ndipo anapulumuka yekha.

"Ubwere mawa, Inday," ndinatero, monga timaitanira mkazi wamng'ono kuno, maso ali pa tebulo.

"Simundiuza vuto lake?"

"Ndine wolosera? Ndati mawa."

Anachoka mofulumira, osatembenuka, ngati munthu amene watula katundu wosakhala wake.

*

Pafupi ndi tebulo langa pamakhala Manong Pidyong (kuno mwamuna wamkulu timati Manong, mkazi wamkulu Manang), amene anali wapolisi mpaka mawondo anamukana. Tsopano amakhala pa benchi tsiku lonse kusewera dirafuti ya zotsekera mabotolo ndi aliyense amene alibe chochita. Anandiyang'ana kamodzi n'kukankhira bolodi pambali.

"Waona mzukwa, Nimfa?"

"Ya Delfin iyi."

Sanandifunse ngati ndikutsimikiza, ndipo pa chimenecho ndimamuyamikabe. Anangokokera benchi pafupi. "Itsegule. Uzinena chilichonse chimene ukuona, ngakhale chopusa."

Ndinayamba monga ndimayambira ndi wotchi iliyonse. Ndinaiika kukhutu, inali zii. Ndinaigwedeza pang'ono uku ndi uku, muvi wofiira n'kudzuka, kuyamba kuyenda ngati sunaimepo. Ndinaiyandikiza pa kampasi kuona ngati inagwidwa ndi maginito, singano ya kampasi sinasunthe. Kenako ndinavala kagalasi kanga ka padiso n'kutsegula chivindikiro chakumbuyo. Ndinatsamiritsa zigongono pa tebulo n'kusuzumira m'kati.

"Dzimbiri palibe," ndinatero. "Mchere palibe. Sipuling'i ndi yamoyo. Mafuta ndi akale, koma sanaume."

"Ndiye vuto ndi chiyani?"

"Ilibe vuto."

"Munthu angabweretse wotchi yopanda vuto kwa iwe? Msika wonse ukudziwa mmene umawalalatira otere."

Ndinamuonetsa kachitsulo kooneka ngati theka la mwezi kamene kamazungulira m'kati. Wotchi za mtundu umenewu zimadya pa mkono wa mwini wake. Munthu akamayenda, akamapalasa, akamakanda mutu, kachitsuloko kamazungulira n'kumakunga sipuling'i. Ukaivula n'kuisiya pa shelefu, imayenda pang'ono n'kugona. Koma ili pa mkono wa munthu wamoyo siima.

"Perla akuti imaima ili pa mkono," anatero Pidyong pang'onopang'ono.

"Ndiye akunama."

"Kapena mkonowo suyenda." Anatenga wotchiyo n'kununkhiza lamba wake. "Mafuta a kokonati ndi jinja. Amathira zimenezi ndi anthu otikita odwala. Ndipo taona kabowo aka. Kakale ndi aka, kotanuka. Aka kachita kubooledwa ndi msomali, kutali uko. Mkono wake ndi wowonda ngati wa mwana."

Ndinatseka chivindikiro. Zaka zonsezi ndinali nditaphunzira kugona popanda kugunda kwa wotchi imeneyo. Delfin ankagona mkono uli pansi pa mutu wanga, ndipo ine ndinkadandaula kuti chitsulo chikundipweteka khutu, iye n'kumaseka osauchotsa. Ndinkakufuna kugunda kumeneko mpaka chifuwa kuwawa. Tsopano kunali m'manja mwanga, ndipo ndinkaopa kukumva.

"Usayambe kuyembekezera," anatero Pidyong. "Wotchi imasintha manja. Mwina wina anaivula pa mtembo. Mwina anaivula munthu asanakhale mtembo. Chimene tikudziwa nchakuti sinagone pansi pa nyanja. Tiye tikamve mlamu wako."

*

Wensing tinamupeza kudziwe la nsomba limene bambo awo anasiyira ana awo awiriwo. Maliro opanda mtembo aja atatha, anangolitenga lonse. Ine ndinalibe mwana, ndinalibenso mphamvu zolimbana ndi munthu, ndiye ndinangomusiya. Anatilandira kolona ili m'khosi, mawu ofewa ngati a wansembe. Wotchi ndinaibisa m'thumba monga anandiuzira Pidyong.

"Mlamu, mwatikumbuka lero. Manong Pidyong, mawondo ali bwanji? Ndimakupemphererani."

"Pitiriza, mwina adzamva," anatero Pidyong. "Mayiyu akulota mwamuna wake masiku ano. Ndati umufotokozerenso mmene zinathera, mtima ukhale pansi."

Wensing anatseka maso n'kuyamba. Nkhani imeneyo ndinaimva kambirimbiri, ndipo nthawi zonse imayenda njira imodzi, ndi popumira pomwe. Mphepo, mafunde aatali ngati tchalitchi, boti kutembenuzika, iye kugwira chigubu, kufuula dzina la mng'ono wake mpaka mawu kutha.

"Wotchi yake ija anali nayo?" anafunsa Pidyong, akukanda bondo ngati funso lopanda ntchito.

"Ndiyo ndinaiona komaliza. Mkono ukulowa m'madzi, iyo ikung'anima. Sindidzaiwala."

"Zachilendo. Nthawi ija kupolisi unatiuza kuti funde linamukokolola ali kumbuyo kwako, sunamuone n'komwe."

"Munthu wachisoni amasokoneza, Manong."

"Amasokonezadi. Nanga mpunga uwu ndi wa kuti?"

Pakhomo panali thumba la mpunga lomangidwa bwino, pamwamba pake kabotolo ka mafuta a nyali.

"Lumbiro langa," anatero Wensing, akugwira kolona. "Mulungu atandipulumutsa ndinalonjeza kuti mwezi uliwonse ndizipereka kwa osauka a kuzilumba. Ndimakapereka ndekha, mawa masana ndikupita. Sindikonda kuzilengeza."

Tili m'njira ndinalephera kupirira. "Munthu ameneyu sangapatse mphaka mutu wa nsomba. Pa ukwati wathu anabwera ndi chikho chake, n'kubwerera nacho chodzaza."

"Ndikumudziwa," anatero Pidyong. "Ndiye funso nlakuti akudyetsa ndani."

*

Perla tinamupeza akukupiza ntchentche pa nsomba zake. Mwamuna wake Nardo anali pomwepo, atagona pa njinga yake ya kabaza ya matayala atatu, mimba ili panja. Pidyong anamugwedeza phazi.

"Dzuka, bwana. Wotchi yako yakonzedwa. Vala tione."

"Wotchi?" Nardo anayasamula. "Ine ndimayang'ana mimba, Manong. Ikalira ndiye kuti ndi masana."

"Vala basi," anatero Perla.

Nardo anatambasula mkono wonga thunthu la nthochi. Lamba sanafike ndi theka lomwe. Amayi a matebulo oyandikana anayamba kuseka, koma Perla sanaseke.

"Inday," anatero Pidyong motsitsa, "mwini wotchi iyi akuti anamira. Tsopano yapezeka ndi iwe, ndipo wanama. Ine ndinapuma pantchito, koma anyamata amene ndinawaphunzitsa sanapume. Ukufuna ufotokozere ine kapena iwo?"

Perla anandiyang'ana, kenako anatikokera kuseri kwa madengu.

"Sindinabe, Manang, ndikulumbira. Ndi ya munthu amene amasungidwa ndi azakhali anga Sabel ku chilumba cha Kabilaw, kwathu. Azakhali ndi otikita odwala. Ndinapita kukagula nsomba, iye n'kuiponya yekha m'dengu langa. Azakhali anati, kakonzetse mwina angasiye kuvuta, koma usatchule za iye kwa munthu."

"Chifukwa?"

"Manong Wensing anatero. Ndiwo anabwera naye namondwe atatha, mutu uli wosweka. Anati ndi wantchito wawo wa m'boti, kuli anthu oopsa amene akumusaka, akangomveka kuti ali moyo amupha pamodzi ndi omusunga. Anatinso alibe aliyense, akazi ake anafera m'namondwe momwemo."

"Dzina lake ndani?" ndinafunsa.

"Sitikudziwa. Timangoti Manong. Sayankhula, Manang. Chichokereni m'madzi sanatulutsepo mawu."

*

Tinanyamuka m'mawa mwake pamodzi ndi Perla, pa boti la ogula nsomba. Ulendo wonse ndinali ndi wotchi m'manja, ndikuigwedeza kuti isaime, ngati kuima kwake kukanapha munthu. Ndinkadziuza kuti akhoza kukhala wantchitodi amene anaba wotchi ya mwamuna wanga. Ndinadziuza zimenezo mpaka zinayamba kumveka ngati pemphero. Pidyong anakhala kutsogolo nkhope itatuwa, pakuti wapolisi wamkuluyo nyanja imamudwalitsa.

Sabel anali mayi wamfupi wamapewa ngati a mwamuna, fodya ali pakamwa mbali yoyaka ili m'kati. Anatipeza tisanafike pakhomo pake, manja akunyezimira mafuta.

"Ngati mwabwera kudzatikitidwa msana, bwererani, ndili ndi anthu. Perla, awa ndi ndani? Ndinakuuza chiyani iwe, pakamwa ngati dengu lobooka?"

"Ndabweretsa wotchi," ndinatero. "Ndine wokonza."

"Okonza masiku ano akuwolokera nyanja? Yatheka?"

"Ndikufuna ndidziwe kaye mmene amaivalira. Mkono uti?"

"Wamanja, wakufawo." Analavula. "Ndipo ndi pamene panayambira mavuto. Zaka zonsezi ankavala kumanzere, mkono wabwino, ndipo inkayenda bwinobwino, ndinkaonera pomwepo nthawi yophika. Munthu wofatsa, amaluka maukonde ndi dzanja limodzi ndi mano, sasautsa. Ndiye tsiku lina ndadzuka, waisamutsira kudzanja lakufa. Waboola yekha lamba ndi msomali. Ine ndikutikita mkonowo, mafuta akuthera pa lamba, ndikamati ndiivule akundiluma. Ndikaibwezera kumanzere, akuibwezanso. Ikaima akundionetsa, n'kumaloza kutsidya, n'kumachita chonchi."

Anapinda chala chachikulu ndi cholozera kukhala kabowo, n'kuika pa diso lake lamanja.

Umu ndi mmene Delfin ankandisereulira ndikavala kagalasi kanga ka ntchito. Ankatero akafika pa msika madzulo kudzanditenga, ataima patali kuseri kwa anthu, mpaka ndimuone. Ndinafuna poti ndigwire, ndinapeza mkono wa Pidyong.

"Zinayamba liti?" anafunsa Pidyong.

"Pasaka itangotha. Uyu anabwera ndi miseche yake ya m'tauni." Sabel analoza Perla ndi chibwano. "Tikudya, iye akusimba za anthu a pa msika, uyu watere, uyu watere. Unanena chiyani paja?"

Perla anayang'ana pansi. "Ndinati kuli mayi wina wokonza mawotchi, Manang Nimfa, wamwano ngati tsabola. Amuna amamufunsira, iye amawathamangitsa ndi sikuludiraiva, akuti ali pabanja ndi munthu wa pansi pa nyanja. Pepani, Manang."

"Manong wathuyu mbale inamugwa m'manja," anatero Sabel. "Mawa lake ndinamupeza kugombe akukwawira m'boti la anthu. Anachita kumunyamula amuna awiri. Kawiri konse wayesa. Ine ndimati ndikumupulumutsa kwa omusakawo, ndiye ndinauza eni maboti onse kuti asamukweze. Kulemba sangathe, dzanja lolembera ndi lakufalo, ndipo zilembo zinamuthawa pamodzi ndi mawu. Kenako ndi izi za wotchi. Ndinkati mutu wayambanso."

"Mutu wake uli bwino kuposa wathu tonse," anatero Pidyong. "Munamutsekera maboti, ndiye anatumiza chimene chikanaloledwa kukwera."

Ine ndinali nditamvetsa kale. Mwamuna amene anagona zaka zambiri pafupi ndi wokonza mawotchi amadziwa kuti wotchi yotere imafa ikakhala pa mkono wosayenda. Amadziwanso kuti gombe lonseli, anyamata osintha mabatire alipo ambiri, koma wotsegula wotchi yachikale ndi mmodzi. Anaipha dala, tsiku ndi tsiku, mpaka anthu atatopa naye n'kuitumiza kwa ine.

Sabel anachotsa fodya pakamwa. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, ndipo mawu ake anatsika. "Ndiye akazi ake sanafe."

"Ali kuti?"

"Kuseri, pansi pa mtengo wa mango." Anapukuta manja pa siketi, kenako anayang'ana kunyanja. "Wensing akubwera masana ano ndi mpunga wake."

"Ndimudikira kugombe, afotokoze mmene anabisira mng'ono wake kuti atenge dziwe lonse," anatero Pidyong. "Ndibwerekeni mpando, mayi, ndi amuna awiri aja amene amadziwa kunyamula munthu."

Ndinazungulira nyumba ndekha. Anali atakhala pa mphasa, ukonde uli pa miyendo, chingwe chili m'mano. Tsitsi lonse linali loyera. Anawonda mpaka malaya ankaoneka ngati apachikidwa pa msomali, ndipo mbali imodzi ya nkhope inali itagwa. Ndikanakumana naye pa msewu mwina ndikanamupitirira, ndipo zimenezo zimandipwetekabe. Koma makutu aja otambalala, amene ndinkati akhoza kuyendetsa boti popanda injini, anali omwewo.

Anadzutsa mutu. Chingwe chinagwa m'kamwa. Anayesa kudzuka, mwendo unakana, anakhalanso pansi. Milomo inkagwedera, mawu osatuluka. Kenako anakweza dzanja lamanzere, n'kupinda zala ziwiri, n'kuika pa diso.

Zaka zonsezi ndinali ndi mawu ambiri amene ndinamusungira, ena okoma, ena omukalipira chifukwa chopita panyanja mitambo ili yotero. Nditagwada pa mphasa paja, onse anandithawa. Ndinatulutsa wotchi m'thumba n'kugwira mkono wake wamanzere. Pamene ankavalapo kale panali pakadali mzere woyera, dzuwa linali lisanaufufute. Ndinamanga lamba pa kabowo ka msomali kaja, pakuti nawonso unali utawonda.

"Wotchi yako ilibe vuto, Delfin," ndinatero. "Wandiwolotsa nyanja ndi wotchi yabwinobwino. Ukudziwa mmene ndimachitira ndi anthu otere."

Anaseka ndi theka la pakamwa, misozi ikutsikira m'khosi. Anagwedeza mkono uku ndi uku monga ndinamuphunzitsira tili achinyamata, kenako anaukweza n'kuugunditsa pa khutu langa. Chitsulo chinandipweteka ngati kale, ndipo sindinadandaule.